Fisi wa Pamasanje Savala Magalasi

Mukadzafika ku Chikweo n'kufunsa za mphunzitsi wa ku Balaka amene anakwatira kumeneko, anthu adzangoyang'anana. Koma mukadzati "a Fisi," ngakhale kamwana kosavala kadzakulozerani nyumba ya apongozi anga. Dzinali sindinalipemphe. Ndinalipata ndi thupi langa Loweruka lina la masika, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira tsikulo msana umayamba kuyabwa.

Ndiyambe ndi kunena kuti ndine munthu wadongosolo. Ku koleji ya zauphunzitsi anatiuza kuti mphunzitsi sathamanga, safuula, ndipo saseka mano onse kuonekera. Zambiri za kumeneko ndinaiwala, koma zitatu izi ndinazisunga. (Malemu mkazi wanga, Rozina, ankati ndimayenda ngati ndasenza mazira a eni ake.)

Chaka chilichonse sukulu ikatsekera nthawi yokolola, tinkanyamuka ku Balaka ife awiri ndi ana athu, Telezia ndi Petulo, kupita kwawo kwa Rozina. Unali ulendo wa masiku awiri: lole ya mwenye mpaka ku Liwonde, kuwoloka Shire pa pantuni, lole ina, kenako wapansi. Lamulungu tinkapereka masika kutchalitchi, aliyense ndi dengu lake. Koma tsiku limene ana ankaliyembekezera chaka chonse linali Loweruka lake, la masanje. Ana onse a pamudzi ankapita m'munda wokolola kale, kumanga timisasa ta mapesi, kukunkha chimanga ndi mbatata zotsalira, n'kumaphika m'timiphika tobenthuka. Ankagawana: uyu bambo, uyu mayi, awa ana. Ndipo pamasanje pamayenera kukhala fisi, uja wobisala patchire n'kudzaba chakudya chikapsa, kuti onse amuthamangitse ndi mapesi.

Kwina fisi amakhala mwana amene wasowa nyumba yolowa. Pamudzi wa apongozi anga fisi anali Rozina. Anayamba ali mtsikana ndipo sanasiye, ngakhale atakhala mayi wa ana awiri ndi mkazi wa mphunzitsi. Ankangofunda nsalu kumutu n'kulowa patchire. Chaka ndi chaka ankandiitana.

"Bambo a Telezia, tiyeni. Afisi awiri amaba bwino."

Ine ndinkayankha kuti ndili ndi buku loti ndimalize. Ndinkakhala pansi pa mtengo wa mango, kumva kuseka kwawo chapatali, n'kutsegula tsamba lina.

Rozina anamwalira mu Januwale, atadwala masiku anayi. Za zimenezo ndilemba mzere wokhawu.

Chimanga chitayamba kuuma ndinalandira kalata yochokera kwa alamu anga a Sitefano, mlongo wake wa Rozina. Inali yaifupi: "Mubwere ndi ana pa masika monga mwa nthawi zonse. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi tidzakhala pansi." Sindinafune wondimasulira. Kuno ana ndi a kuchikazi. Mayi akapita, mwini mbumba ndi malume, ndipo bambo amathokozedwa n'kuperekezedwa. Maliro atatha anandilola kubwerera nawo ku Balaka chifukwa sukulu inali pakati. Tsopano nthawi inali itakwana.

Ndinachita zimene munthu wophunzira amachita akagwidwa ndi mantha: ndinatenga pepala. Ndinalembapo zifukwa zisanu ndi ziwiri zoti ana akhale ndi ine. Sukulu ili pafupi, chipatala cha amishoni chili pafupi, ndi zina zotero. Ndinaziloweza m'lole njira yonse, pepalalo n'kuliika m'thumba la thalauza.

Tinafika Lachisanu masana. Apongozi anga aakazi, amayi ake a Rozina, anandilonjera monga mwa mwambo, atakhala kuseri kwa nkhokwe, nkhope atalozetsa kwina. Pa zaka zisanu ndi zinayi za ukwati wanga tinali tisanayang'anizanepo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'udzu, ine n'kupatukira mbali ina, moni n'kumapatsana chambuyo. Ndinkawadziwa ndi mawu ndi zidendene basi.

Alamu anawayang'ana ana nthawi yaitali. Telezia, wa zaka zisanu ndi zitatu, anagwada, napereka moni ngati mayi wamkulu, nakhala phee pamphasa. Anzake anamuitana, iye osasuntha. Mwanayu anali asanasekepo chichokere Januwale. Alamu ananditengera kukhola la mbuzi.

"Alamu, ana awa mukuwadyetsa, ndaona. Kuvala akuvalanso bwino. Koma mwana wamng'ono chonchi akuyenda ngati mkulu wa mpingo. Kodi m'nyumba mwanu mumaseka?"

"Timawerenga," ndinatero.

"Eee. Ndi zimene ndimaganiza."

Ndinagwira m'thumba. Pa zifukwa zanga zisanu ndi ziwiri panalibe cha kuseka.

Loweruka m'mawa ndinatenga buku langa, koma Petulo, wa zaka zinayi, anandigwira chala osafuna kusiya, ndiye ndinapita naye mpaka m'mphepete mwa munda. Timisasa tinamangidwa. Moto unayatsidwa. Anagawana ubambo ndi umayi, n'kukanganapo pang'ono monga mwa masiku onse. Atafika pa fisi, mkangano unatha. Ana okulirapo anayang'ana pansi. Panalibe wofuna kulowa m'malo amenewo.

Petulo anandikoka chala. "Ababa, fisi nayenso anamwalira?"

"Khala chete, Petulo," anatero Telezia, akukonza nkhuni osadzutsa mutu. "Chaka chino kulibe fisi. Tingophika, tidye, tizipita."

Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Iyayi. Fisi alipo."

"Ali kuti?"

"Ali m'njira. Inu phikani."

Ndinabwerera kumudzi, kumene kunalibe munthu chifukwa onse anali kuminda. Tsopano, Rozina ankangofunda nsalu. Ine ndinaona kuti ntchito ikapatsidwa kwa munthu wa koleji iyenera kuoneka. Ndinapeza chiguduli choikamo thonje, n'kuboola pa mutu ndi pa manja. Ndinajambulapo mawanga ndi makala (m'mizere yowongoka, yotalikirana mofanana, fisi wotere sanabadwepo). Makala otsala ndinadzola kumaso. Ndinavula tayi, shati ndi nsapato, n'kuziika bwinobwino pakhonde.

Kenako ndinalingalira za magalasi. Ndinaima nthawi ndithu ndikuganiza, ndipo ndinagamula kuti fisi savala magalasi. Ndinawaika m'nsapato. Ndiyenera kukuuzani kuti popanda magalasi dziko ndimaliona ngati ndikuyang'ana kupyola utsi wa nkhuni zaziwisi. Munthu ndi chitsa ndimazisiyanitsa chimodzi chikayenda.

Ndinayeserera kulira kuseri kwa khola. Zinamveka ngati ndikupatsa kwaya mawu oyambira nyimbo. Mbuzi sizinadzutse ndi mutu womwe.

Ana anga a kusukulu ndinkawaphunzitsa kuti chilombo chimayandikira nyama mphepo ikuchiwomba kumaso, kuti fungo lisachiulule. Ndiye ndinawaza fumbi m'mwamba, ndinaona kumene likupita, n'kusankha kuzungulira kukhwawa kuti ndikatulukire ana kumbuyo. (Sindinadzifunse kuti mwana wa zaka zinayi angandinunkhize bwanji.) Ndinayenda theka la ola wopanda nsapato, mapazi a mphunzitsi akudziwana ndi minga iliyonse ya ku Chikweo. Potsiriza ndinafika pa chulu chokutidwa ndi ziyangoyango. Kutsogolo kwake ndinaona utsi ndi chinthu chooneka ngati kamsasa. Ndinati ndafika. Ndinakwawira m'ziyangoyangozo kuti ndidikire chakudya chipse.

Munali mozizira bwino. Tinthu tofewa tolendewera tinkandikhudza pakhosi ndi m'manja, ngati ubweya wa mwana wa mphaka. Ndinathokoza mumtima kuti ndapeza malo abwino chotere. Ndinasunthira m'kati kwambiri.

Amene munakulira kumudzi mwadziwa kale. Chinali chitedze, nyemba zija za kutchire zimene ubweya wake ukangogwera pakhungu munthu amaiwala dzina lake. Chitedze ndimachidziwa. Ndinachijambulapo pabolodi, ndi choko cha mitundu iwiri, n'kuchenjeza kalasi yonse. Koma pabolodi ndinali nditavala magalasi.

Chinayambira pakhosi. Chinatsikira m'chiguduli. Ndipo chiguduli chili ndi khalidwe loti chikalandira ubweyawo sichiutaya. Chimausunga n'kumakupakani ponseponse mukangopuma. Ndinayesa kudzigwira monga mphunzitsi. Ndinayesa kupemphera, koma sindinapitirire mzere wachiwiri. Kenako m'chifuwa mwanga munatuluka mawu amene sindinawayesererepo.

"Huuuuwiii!"

Alamu amati mpaka lero sanamveponso fisi wolira mwaluso chotero, ngakhale weniweni. Agalu a midzi iwiri anayankha.

Ndinatumphuka pachulupo, poyamba ndi miyendo inayi, kenako iwiri, kulunjika ku utsi uja. Nzeru imodzi yokha inali itatsala m'mutu: tenga mphika, ana akuthamangitse, masewera athe, ukasambe. Ndinaugwira m'khosi ndi m'mphepete mwa chiguduli n'kuunyamula. Unali wolemera. Unali waukulu kwambiri kuti ukhale wa pamasanje. Ndili chiweramire ndinaona mapazi awiri patsogolo panga, ndipo zidendenezo ndinazizindikira.

Ndinadzutsa mutu. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu ndi zinayi, ndinaona nkhope ya apongozi anga, pafupi moti ngakhale maso angawa anaiona bwinobwino. Pozungulira paja ndinali nditapitirira munda wa ana n'kufika m'munda wawo wa mtedza, m'mene ankathothola mtedza ndi amayi ena, mbatata za onsewo zili pamoto.

"Mayo ine! Wamisala! Sitefano-o-o!"

Anandiphwanya kumutu ndi mtolo wa mtedza wozula. Sanandizindikire, ndipo sindiwadzudzula.

Choyenera chinali kuika mphika pansi, kugwada, n'kupepesa. Koma munthu sagwada khungu likuyaka moto, ndiponso kugwada kukanatanthauza kudziulula. Ndinathawa. Ndi mphika womwe. (Mukandifunsa chifukwa chake sindinausiye, sindikudziwa. Manja sanauzidwe.)

Ndinkafuna madzi, ndipo njira yachidule ya kukhwawa inadutsa pakati penipeni pa masanje. Ndinatulukira pa ana ndikulira, ndikudumpha, mphika uli patsogolo.

"Fisi! Fisi uyo!"

"Waba mphika wa anganga!"

"Mugwireni! Mutsekereni uko!"

Kamsasa kamodzi ndinakadumpha, kachiwiri ndinapita nako. Kumbuyo kwanga kunali ana onse a pamudzi ndi mapesi awo, kumbuyo kwa ana agalu, kumbuyo kwa agalu amayi a mtedza aja, ndipo chakumbali alamu a Sitefano akubwera ndi mpini wa khasu kudzapulumutsa amayi awo. Malamulo awiri a ku koleji, la kuthamanga ndi la kufuula, anathera m'munda umenewo.

Kukhwawa madzi anali ataphwera, kutatsala thamanda la matope. Ndinaika mphika pamchenga, chilili (ndikufuna zilembedwe kuti sipanagwe mbatata ndi imodzi yomwe), n'kudziponya m'matopemo ndi kuyamba kugubuduka. Ana anafika n'kuyamba kundikwapula ndi mapesi monga mwa lamulo la masewera. Sindinamenyedwepo mokoma chotero.

"Menyani! Apo, apo, pansi pa phewa! Mwamphamvu!"

Mapesi anaima m'mwamba.

"Fisi akulankhula ngati ababa," anatero Petulo.

Telezia anayandikira, phesi lili m'manja, nawerama kundiyang'ana kumaso.

"Ababa?"

"Huwi," ndinatero motsitsa mawu, ndikukanda m'khwapa.

Kuseka kwa Telezia kunayambira m'mphuno. Anayesa kutseka pakamwa ndi dzanja, koma kunatulukira m'mbali. Phesi linagwa. Anapindika, nakhala pansi pamchenga, naseka mpaka mpweya kumuthera, n'kuukoka ndi kamawu ngati munthu wotsamwa, n'kuyambiranso. Kuseka kumeneko ndinkakudziwa. Onse amene anaima pamtunda pa khwawalo ankakudziwa. Kunali kwa amayi ake, ndi kamawu kotsamwa komwe. Alamu anatsitsa mpini pang'onopang'ono.

Apongozi anafika pomaliza, ali wefuwefu, nakankha anthu kuti aone wakuba wawo. Anandiyang'ana. Anandizindikira. Mwa mwambo anayenera kufunda nsalu kumaso n'kubwerera. Iwo anayang'ana manja anga otupa.

"Mukungoonerera chiyani inu? Ndi chitedze ichi! Sitefano, avule chigudulicho!"

Alamu anachikoka ndi nsonga ya mpini n'kuchiponya kutali. Apongozi anakwinya nsalu, nalowa m'thamandamo, natapa matope ndi manja awo n'kuyamba kundipaka kumsana, kukhula mwamphamvu kuti ubweya uchoke. Ndipo anandilankhula ine mwini, osadzera mwa munthu, osadzera kuseri kwa nkhokwe.

"Apongozi, mwana wanga ankaba mbatata imodzi. Imodzi basi. Inu mphika wonse? Wa ine?"

"Pepani, amayi. Sindimaona."

"Maso munasiya kuti?"

"M'nsapato."

Anaseka mpaka misozi. Kuseka kutatha misozi inapitirirabe pang'ono, koma manja awo sanaleke kukhula. Ine ndinayang'ana m'madzi. 

Mbatata tinadyera komweko kukhwawa, akulu ndi ana, masanje ndi mtedza zitasakanikirana. Lamulo limati fisi wogwidwa amadya pomaliza, payekha, chapatali. Ndinalitsata. Petulo anandisendera mbatata, naiika pansi patsogolo panga, n'kuthawa akukuwa. Anabwerezanso kanayi. Telezia anandibweretsera madzi m'chikho.

"Ababa, mawanga anu anali owongoka kwambiri."

"Ndamva. Ndidzakonza."

"Koma kulira munalira bwino."

Lamulungu ndinalowa m'tchalitchi khosi litatupa moti kolala inakana kumangika. Ndinanyamula dengu la chimanga pamodzi ndi Telezia, iye mbali iyi, ine mbali iyo. Mipando yonse inacheuka. Kamwana kena kananong'ona mokweza kuti, "Amayi, a Fisi aja awo," ndipo dzina linakhazikika pomwepo, m'nyumba ya Mulungu.

Titaweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mango uja. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti nditenge pepala langa. Ndinatulutsa kachibuma. Zifukwa zisanu ndi ziwiri zinali zitasamba nane m'thamanda.

Alamu anakonza kukhosi. "Alamu, sindikubisirani. Tinakuitanani kuti titenge ana. Mlongo wanga anapita, ndipo tinkaona ngati ana akumutsatira ali moyo. Koma amayi akuti ali ndi mawu."

Apongozi anali pamphasa, osati kuseri kwa nkhokwe, ndipo anandiyang'ana m'maso.

"Ana apite ndi bambo awo. Munthu woti n'kulowa m'chitedze chifukwa mwana wafunsa funso, ameneyo sitimulanda ana. Koma masika aliwonse abwere nawo. Ndipo mphika wanga azidutsa nawo patali."

"Mwamva," anatero alamu. "Muli ndi mawu?"

Zifukwa zonse ndinali nditaziloweza, ndipo zinali zokonzeka pa lilime. Sindinanene ndi chimodzi chomwe. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti zikomo. Kuseri kwa nkhokwe, kumene ana sankayenera kukhala akumvetsera, kunamveka kamawu: "Huuuwi!"

Lachiwiri tinawoloka Shire tonse atatu. Petulo anauza aliyense wa pa pantuni kuti ababa ake amasanduka fisi, ndipo ndinaona anthu akusuntha akatundu awo pang'onopang'ono kutalikira pamene tinaima. Sindinawafotokozere. Ndinali ndi mwana dzanja ili, mwana dzanja ilo, ndipo akanatha kundiganizira zilizonse zimene akanafuna.

Phunziro la nkhaniyi ndi lodziwikiratu, ndipo ndinalitenga: munthu wosaona asavule magalasi. Masika otsatira ndinawamanga ndi kachingwe kumbuyo kwa mutu kuti asagwe pothamanga. Nditatuluka ndi chiguduli chatsopano, cha mawanga okhotakhota, Telezia anandiimitsa pakhonde, manja ali m'chiuno monga ankaimira amayi ake.

"Ababa, fisi savala magalasi."

"Mwanawe, chaka chatha unaona."

Iye anangotambasula dzanja. Ndinamasula kachingwe n'kumupatsa.

Ndiye masiku ano zimayenda chonchi: Telezia amandigwira dzanja mpaka pobisalira, amayang'ana bwinobwino ngati palibe chitedze, amandilozetsa nkhope kumene kuli miphika ya ana, osati ya anganga ake, n'kubwerera kukachita ngati sadziwa kumene fisi ali. Ine ndimatsala ndekha m'udzu, ndikudikira. Ndikatumphuka, sindiona nkhope ya mwana aliyense. Ndimangoona utsi wodzaza tinthu tothamanga, tokuwa, tonse tikubwera kwa ine. Izi ndi zimene Rozina ankandiitanira zaka zisanu ndi zinayi.

Buku lija ndinalimaliza kalekale. Sindikumbukira kuti linkanena za chiyani.